Chitsime cha ba Miti

Chaka chimenecho mvula inachedwa, ndipo anthu a ku Kanyama anatopa ndi kuyang'ana kumwamba. Masana aliwonse mitambo inkaunjikana cha ku Makeni, yakuda bii, mphepo n'kuyamba kuulutsa mapepala ndi fumbi la miyala. Amayi ankathamangira kukaanula zovala, ogulitsa makala n'kufunditsa matumba awo. Kenaka mitamboyo inkangobalalika, kutentha n'kubwerera pamene kunali, anthu n'kutsala ndi mkwiyo wosowa woupatsa.

Aliyense ankakonzekera monga ankadziwira. Wina ankawonjezera mzere wa mabuloko pakhomo, kuti polowa m'nyumba uzichita kudumpha. Wina ankadzaza mchenga m'matumba akale a ufa. Mabedi anakwezedwa pa njerwa, mabulangete ndi zovala za kutchalitchi zinapachikidwa ku mitanda ya denga. Ku Kanyama madzi salowa pansi msanga, chifukwa pansi pake ndi mwala. Amangoima m'tinjira ndi m'mabwalo mpaka atatopa okha.

Panalinso kukonzekera kwina kumene sikunkatchulidwa pagulu. Poti mwala uli pafupi, zimbudzi za kumeneko sizikumbidwa mozama. Zimamangidwa chokwera, munthu n'kumachita kukwera masitepe, ndipo chimbudzi chotere sichichedwa kudzaza. Galimoto yopopa sinkatha kulowa m'tinjira topapatiza, ndipo anyamata otapa ndi ndowa ankafuna malipiro amene m'zaka zimenezo, mafakitale akutsekedwa imodziimodzi, ambiri sakanawapeza. Choncho omanga ankasiya buloko imodzi kumbuyo, m'munsi mwenimweni, yomata ndi dothi m'malo mwa simenti. Mvula yaikulu ikafika, madzi akuthamanga m'tinjira ngati mtsinje, mwini nyumba ankafunda saka, kupita kuseri ndi chitsulo, n'kuizula. Madzi ankanyamula zonse. Kumene zinkathera, panalibe wofunsa.

Whyson Miti ndiye anayamba kufunsa, chifukwa kumunsi kwa kanjira kawo kunali chitsime chake.

Chitsimecho anachikumba yekha. Fakitale ya mabulangete imene anaigwirira ntchito kuyambira ali mnyamata itamuuza kuti akapume kaye kunyumba, iye anadikira kuitanidwanso mpaka anazindikira kuti kudikirako kumudwalitsa. Ndiye anatenga piki n'kuyamba kukumba pakona pa bwalo lake. Atafika pamwala ankawotcha matayala akale pamwamba pake, kuthirapo madzi ozizira kuti ung'ambike, n'kumaswa ndi nyundo chidutswa chidutswa. Chilimwe chonse chinathera m'dzenjemo. Odutsa ankasuzumira n'kumufunsa ngati wapeza kopa, chuma cha m'migodi. Tsiku lina madzi anayamba kuchucha pamng'alu wa mwala, mbali ya kumtunda, ozizira, oyera mbee, ndipo oseka aja ndiwo anayamba kubwera ndi ndowa.

Mpopi wa anthu onse unali kutali, kuseri kwa msika, ndipo unkatulutsa madzi ukafuna. Choncho nyumba zonse za m'kanjirako zinkamwa kwa ba Miti. Iye sankagulitsa madziwo. Wina ankasiya tomato, wina kapenta pang'ono m'kapepala, ambiri ankangoti zikomo. Chimene Whyson ankapeza pachitsimepo chinali china: m'mawa ankadzuka ali ndi kopita. Ankachotsa lata lovundikira, kuona ngati chingwe chadyeka, kuthamangitsa ana osewera pafupi, kubweza wobwera ndi ndowa yakuda kuti akaitsuke kaye. Mwamuna wosagwira ntchito m'komboni amachepa msanga, ngakhale pamaso pa ana ake. Whyson anali asanachepe.

Dzinja lapitalo kolera inalowa m'Kanyama. Anthu ankatengedwa pa wilibala kupita ku matenti a ku kiliniki, ena osabwerako. M'kanjira ka Whyson simunafe munthu, ndipo iye ankadziwa chifukwa chake. Madzi ochokera kumtunda ankakhota kuseri kwa nyumba ya ba Bwembya n'kukagwera m'chidzenje chakale chimene anthu ankaswamo miyala, osayandikira chitsime. Koma chilimwe chino ba Bwembya anamanga zipinda zina zochititsa lendi pamalo pomwe madziwo ankakhotera. Tsopano madzi anatsala ndi njira imodzi, yotsika ndi kanjira n'kudutsa pachipata cha Whyson. Ndipo chimbudzi chachikulu kuposa zonse, cha mabanja onse a lendi, chinali cha ba Bwembya omwewo, chodzaza mpaka pakamwa.

Chovuta chinali chakuti ba Bwembya anali mbuya wake, ndiko kuti m'bale wake wa nthabwala. Iwo anali Mubemba wa ku Kasama, makanika wa mabasi wopuma ntchito, amene penshoni yawo inasungunuka m'manja ndi kukwera kwa mitengo. Whyson anali Mngoni wa ku Chipata. Pakati pa mitundu iwiriyi pali chibale cha nthabwala: amanyozana poyera kuti Angoni amadya mbewa ndipo Abemba amadya bakolwe, ndiwo anyani, amalandana zipewa, amapakana ufa kumaso pamaliro, ndipo amene wakwiya ndiye walakwa. Zaka zonse zimene anakhala moyandikana, awiriwa anali asanauzanepo nkhani osaseka.

Whyson anapitabe. Anawapeza atakhala pa injini yakale pakhomo pawo, akukonza pampu ya njinga, amayi a lendi akutsuka mbale chapafupi.

"Kapolo wanga wabwela," anatero ba Bwembya osadzutsa mutu. "Mbeba zasila ku Chipata?"

"Zikalipo. Ni bakolwe bamene basila, mwadya bonse," anayankha Whyson, pakamwa patatsogola mwachizolowezi. Kenaka ananjuta pafupi nawo n'kutsitsa mawu. "Mbuya, nabwela pa nkhani ya chimbuzi chanu."

"Chazula, mwana. Yenda ukafune kwina."

Amayi aja anaseka. Whyson anadikira kuti atsirize, n'kufotokoza zonse pang'onopang'ono, akujambula pansi ndi kamtengo: apa zipinda zatsopano, apa pamene madzi ankakhota, apa chipata chake, apa chitsime. Anawapempha kuti chaka chino buloko ija asaikhudze. Ba Bwembya anayang'ana chojambulacho nthawi ndithu, ndipo Whyson anaona kuti amva. Koma amayi anali kumvetsera, ndipo Mubemba sangalangizidwe ndi Mngoni anthu akuona.

"Manzi yako yaja nimamwa, yalibe mucele," anatero. "Tizakuikilako supu, mahala, osalipila."

Kuseka kunabuka bwalo lonse. Whyson anaseka nawo, poti mwambo umatero, ndipo kuseka kwakeko kunamutsata mpaka kunyumba ngati fungo la pamalaya.

Lamlungu, anthu atachoka ku mapemphero, anaitana a m'kanjirako kuti akumane pansi pa mango wa pabwalo pake, pamene aliyense akanaona chitsime ndi maso ake. Anabwera ambiri, poti kukana mwini madzi kunali kovuta. Whyson atalankhula, abambo anavomereza kuti nkhaniyo ndi yoona, maso ali pa nsapato zawo, pakuti pafupifupi aliyense anali ndi buloko yake kuseri imene ankaidikirira mvula. Amene analankhula zenizeni anali Exildah, mayi wa lendi kwa ba Bwembya, wogulitsa vitumbuwa, mwana ali kumsana. Anati iye samatsutsa, koma ba Miti abwere adzaone okha: ana ake akuopa kukwera masitepe aja, mphutsi zayamba kutsika ndi khoma, ndipo chitseko chake ndicho chayang'anizana ndi chimbudzicho. Anafunsa kuti ngati buloko isazulidwe, iwo azipita kuti.

Pomaliza anagwirizana pakati. Akumbe ngalande kumbali ina ya kanjira, kutali ndi chipata cha ba Miti, yokafika ku chidzenje chakale chija. Pasapezeke wozula buloko ngalandeyo isanathe, ndiponso mvula isanakhazikike, pamene nthaka imakhala itakhuta ndipo madzi amathamanga tsiku lonse. Ba Bwembya anati avomera chifukwa chomvera chisoni akapolo awo, anthu anaseka, msonkhano n'kutha.

Tsiku loyamba anakumba ambiri, mpaka kuimba. Tsiku lachiwiri anachepa. Abambo ankalawira ku Kamwala kukayembekeza maganyu otsitsa katundu, ndipo amene wapeza ganyu sangaisiye chifukwa cha ngalande. Whyson sanawadandaule, poti ankadziwa mmene nyumba imakhalira ufa ukafika pansi pa thumba. Dothi lapamwamba linachoka mosavuta, koma moyang'anizana ndi chipata chake ngalande inakumana ndi msana wa mwala wopingasa njira, ndipo pamenepo ntchito inaima. Panafunika matayala, koma matayala anali atasanduka chuma: osoka nsapato ankawafuna, oswa miyala ankawafuna. Whyson anazungulira magalaja a m'mbali mwa msewu n'kubwerako chimanjamanja.

Amene anamuthandiza anali ba Bwembya. Anatsitsa matayala a basi amene ankatsendera malata a denga lawo n'kuwagubuduzira kumunsi, akukuwa kuti Mngoni adye, mwina anganenepe. Whyson anawalandira n'kubweza chitonzo chake. Mumtima sanadziwe choganiza. Munthu yemweyo ndiye amene ankamuopa, ndipo ndi yemweyo amene anasiya denga lake pangozi ya mphepo kuti ngalande ithe.

Masiku amenewo Whyson sankakhazikika. Akamadya ankadzuka pakati kukayang'ana mitambo. Akamaswa mwala ankasiya nyundo kukaona ngati lata la pachitsime lakhala bwino, akafika pachitsime n'kukumbuka moto wa pamwala. Ennie, mkazi wake, ankachoka m'mamawa kukagulitsa ndiwo zamasamba ku msika wa Soweto, pobwera n'kumupeza ali wakuda ndi utsi wa matayala, maso ofiira, akutsokomola. Anamukumbutsa kangapo kuti denga la chipinda cha ana likudontha kuyambira chaka chatha, ndipo mabuloko a pakhomo pawo ndi okhawo m'kanjira monse amene sanawonjezeredwe.

"Ba Miti, chishima simuzagonamo," anatero tsiku lina, kunena chitsimecho, akumupatsa madzi osamba m'manja.

Whyson anati akonza mawa. Mawalo anabwerera kumwala.

Linali tsiku lapakati pa sabata, dzuwa litapendeka, pamene mitambo inabwera mosiyana ndi masiku onse. Sinaunjikane cha ku Makeni kokha, inatseka thambo lonse, kunja kunada ngati usiku wafika. Mphepo inaleka. Nkhuku zinalowa zokha m'makola. Whyson anali atayatsa tayala lomaliza pamsana wa mwala uja, ndipo mwalawo unali utatentha mpaka kuyera. Anali atatsala pang'ono. Anaganiza kuti akapatsidwa tsiku limodzi kapena awiri, ngalande idutsa.

Madontho oyamba anali akuluakulu, ogwa patalipatali, akudzutsa fumbi. Kenaka mvula inakhuthuka yonse pamodzi. Malata a komboni yonse analira mpaka munthu osamva mawu ake omwe. Moto unazima ndi utsi woyera, ndipo mwala wotentha uja utalandira madzi ozizira ochuluka chotero unaphulika pansi pa mapazi ake, phaa, mng'alu n'kuyenda chopingasa kanjira kulowera kuchipata chake. Whyson analibe nthawi youyang'ana. Madzi ofiira anali atayamba kale kutsika, atanyamula mapepala ndi zisononkho, ndipo atakweza maso kumtunda anaona munthu wofunda saka akutuluka m'nyumba ya ba Bwembya, chitsulo chochotsera matayala chili m'manja.

Anathamanga chokwera, akuterereka m'matope, akukuwa kuti mbuya dikirani, iyi ndi mvula yoyamba, nthaka ikadali ndi ludzu. Ba Bwembya anatembenuka. Madzi anali kuyenderera pankhope pawo, ndipo anali kumwetulira ngati mwana. Analoza kumwamba, analoza madzi othamanga m'kanjira, n'kunena kanthu kamene mvula inameza. Mwina anati mvula yotere siingakate lero. Mwina inali nthabwala ina ya mbewa. M'makomo a lendi amayi anali ataima akuyang'ana, Exildah pakati pawo, ndipo palibe amene anawaletsa. Whyson asanafike, ba Bwembya anali atazimirira kuseri. Dothi lomata linali litafewa kale, buloko sinavute.

Sipanapite nthawi yokwanira kuwiritsa tiyi, mvula inayamba kuchepa. Phokoso la malata linatsika, linasanduka kudontha, kenaka zii. Mitambo inang'ambika cha kumadzulo, dzuwa n'kutuluka lowala ngati palibe chachitika. Nthaka youma inamwa madzi a m'kanjira anthu akuona.

Koma chimbudzi chinali chitatseguka, ndipo chimene chatuluka sichibwerera. Zinatsika pang'onopang'ono, zakuda, zolemera, zopanda madzi ozikankha. Anthu anatuluka m'nyumba atatseka mphuno ndi nsalu, amayi akukokera ana m'kati. Abambo amene analipo anatenga mafosholo n'kuyesa kuzilondolera m'ngalande, ndipo zinalowadi, zinayenda mpaka pamsana wa mwala uja, n'kuima. Zinadikha pamenepo, moyang'anizana ndi chipata cha Whyson, zikukwera pang'onopang'ono. Ba Bwembya anatsika ali chinyowere, saka lili paphewa, n'kuima kumbuyo kwa anthu.

Kenaka wina anaona kuti dziwelo likuchepa. Linatsika, linatsika, likulira ngati madzi a m'botolo, mpaka panatsala matope okha. Anthu anapuma. Ena anaseka n'kunena kuti nthaka ya Kanyama yachita chifundo, zapita zokha. Anathira phulusa ndi mchenga pamwamba, n'kumabalalika.

Whyson anatsala atanjuta pambali pa ngalande. Matope atachepa, mng'alu watsopano uja unaonekera, wotakata ngati chikhatho, wolowera pansi pa mpanda wake. Iye anakhala chilimwe chonse m'mimba mwa mwala umenewo, ndipo ankadziwa mbali imene madzi a m'chitsime ankachokera. Analowa pabwalo, anachotsa lata, anatsitsa ndowa. Sanafunike kuiyandikitsa kumphuno.

M'mawa mwake anabweza amayi onse obwera ndi ndowa, n'kuyamba kukapa chitsime. Anatunga ndi kutaya, kutunga ndi kutaya, mpaka manja anatupa, pansi pa mwala n'kuonekera. Madzi anabwereranso pamng'alu wawo wakale, fungo lili momwemo koma locheperapo. Anakapanso. Tsiku lotsatira fungo linali litatha, madzi ali mbee ngati kale, ndipo zimenezo ndizo zinamuopsa koposa. Dzinja lapitalo anaona anthu akutengedwa pa wilibala atamwa madzi oyera bwino lomwe.

Anamanga lata ndi waya, n'kupita ku kiliniki kukafunsa za mankhwala othira m'madzi. Anamupatsa kabotolo, ndipo mayi amene anamupatsayo anamufunsa ngati pali njira imene zonyansa zikuloweramo. Whyson anati ilipo. Mayiyo anati ndiye mankhwalawo athandiza lero lokha. Pobwerera Whyson anayenda akuwerengera m'mutu zimbudzi za kumtunda kwa kanjira, chilichonse ndi buloko yake, chilichonse chikudikira mvula yeniyeni imene inali isanabwere. Akanatseka mng'alu wa m'ngalande ndi simenti, koma mwala ukang'ambika sung'ambika malo amodzi, ndipo pansi pa kanjira panalibe amene akanalowapo kukaona.

Atafika anapeza waya womasulidwa n'kupotedwanso mosamala. Chingwe chinali chonyowa. Madontho anatsogolera kuchipata, n'kukwera ndi kanjira mpaka pakhomo pa Exildah.

Exildah sanakane. Anamupeza akumwetsa mwana ndi kapu, chigubu chodzaza chili pakhomo. Anati anapita ku mpopi m'mamawa, anaima pamzere mpaka dzuwa kufika pamutu, madzi osatuluka, vitumbuwa osaphika. Anati madziwo awiritsa. Whyson anayang'ana mbaula ili pakona, yozizira, yopanda ngakhale khala limodzi.

"Ba Miti, mwana ali na njota lelo," anatero Exildah, osakweza mawu. "Kolela ni ya mailo." Kwa iye ludzu linali la lero, kolera ya mawa.

Whyson anatenga kapu m'manja mwa mwanayo n'kutaya madziwo pansi. Mwana analira. Anathira mankhwala a m'kabotolo m'chigubu chija, anauza mayiyo kuti adikire kaye asanamwe, n'kusiya kabotoloko pawindo. Potsika anaona chidebe china chonyowa pakhomo lina, ndi china.

Ennie anali atabwera kumsika. Anamvetsera zonse akuchotsa masamba ofota m'dengu. Whyson anati agula loko, amanga chivundikiro cha simenti, azikhala pachitsime tsiku lonse mpaka dzinja lithe, mwina chilimwe chikabwera madzi adzayera. Ankalankhula mofulumira, akuyendayenda pabwalo. Ennie anamusiya mpaka anatopa.

"Ngati muli manzi, bazatapa," anatero. "Na ine, mukachokapo, ningatape."

Whyson anakhala pa mpanda wa chitsime nthawi yaitali. Anasuzumira m'kati. Ankadziwa chipsera chilichonse cha nyundo pakhoma lake, pamene piki inathyokera, pamene anatsetsereka n'kung'ambika bondo. Pansi, madzi anali duu, akuonetsa kachidutswa ka thambo ndi mutu wake. Anaganiza za m'mawa umene udzabwere iye alibe lata lochotsa, alibe womubweza kuti akatsuke ndowa. Kenaka anadzuka, anamasula chingwe pamtanda, anachipinda bwinobwino n'kukachipachika m'nyumba.

Anakwera kwa ba Bwembya. Anawapeza pa injini yawo ija, manja ali chabe, buloko itabwezedwa pamalo pake ndi dothi latsopano. Atamuona anayesa kumwetulira n'kuyamba kunena za kapolo, koma sanatsirize.

"Ba Bwembya," anatero Whyson, "nibwelekeni wilibala."

Sanawatchulepo dzina chotero chiyambire. Ba Bwembya anamuyang'ana, anayang'ana kumunsi kumene kunali mango uja, ndipo anamva. Sanamubwereke. Anaikankha okha, Whyson ali pambuyo.

Miyala inalipo yambiri, yomwe Whyson anaswa m'ngalande. Anadzaza wilibala yoyamba onse awiri. Pakamwa pa chitsime ba Bwembya anaima, zogwirira zili m'manja, akudikira. Whyson anatola mwala umodzi waukulu n'kuuponya yekha. Unalira pansi, madzi anathovukira m'makoma. Pamenepo ba Bwembya anapendeketsa wilibala.

Phokosolo linatulutsa anthu. Amayi anaima pampanda, ena akudandaula mokweza kuti ba Miti apenga, madzi oyera bwino, akanadikira kaye. Wina anati ngati wakwiyira ba Bwembya asalange komboni yonse. Whyson ankangodzaza, kukankha, kukhuthula. Ennie anamanga chitenje m'chiuno n'kuyamba kututa miyala ndi beseni. Abambo obwera ku maganyu anaima kaye pachipata, akuyang'ana, kenaka mmodzi anavula malaya n'kutenga fosholo, wina n'kutsatira. Amene chilimwe chija ankafunsa za kopa ndiwo anathandiza kukwirira. Ntchito ya chilimwe chonse inatha dzuwa lisanalowe. Miyala itatha anathira dothi, Whyson n'kulipondaponda mpaka linalimba.

M'mawa mwake anadzuka nthawi yake yakale, anatuluka, n'kuima pakati pa bwalo osadziwa kopita. Pachipata panali wilibala. Ba Bwembya anali atamangirirapo mgolo umene ankasungira madzi a mvula, atautsuka, ndipo m'mbali mwake amayi anali atayamba kukoleka zigubu zawo. Exildah anafika pomaliza. Sanapereke moni. Anayang'ana dothi latsopano pakona pa bwalo, anakoleka chigubu chake, n'kukonza mwana kumsana.

Ananyamuka onse kulowera ku mpopi wa kuseri kwa msika, amayi patsogolo, amuna awiri pambuyo ndi wilibala yolira gudumu. Atadutsa matope a pamphambano, ba Bwembya ananena, ndi mawu wamba amene Whyson anali asanawamvepo, kuti apempha simenti pang'ono kwa mnzawo womanga, buloko ija aimate kotheratu.

"Nanga ba lendi bazayenda kuti?" anafunsa Whyson.

Ba Bwembya anakankha wilibala kamtunda konse. Pamwamba pake anaima, akupuma movutika, n'kupukuta thukuta ndi chipewa. Whyson anawasuntha pang'ono ndi phewa, anagwira zogwirira, n'kupitiriza.